Mafayilo Kaye, Makina Pambuyo: Zoyenera Kuchita Hard Disk ya Laputopu Ikayamba Kufooka

  Aphunzitsi, alembi a m'mipingo, asungichuma a makopaletivi ndi a magulu a banki m'khonde, ndaona ena mwanyamula zikwama za malaputopu. Ndikupempheni chinthu chimodzi tisanayambe: ngati laputopu imene mwabwera nayo ndi yodwala, musaiyatse. Isiyeni m'chikwama momwemo. Chifukwa chake muchimva posachedwapa.

Nkhani yanga ndi ya hard disk, kachipangizo kamene kamasunga zonse zimene mumalemba pa kompyuta, ndi zoyenera kuchita tsiku limene kayamba kufooka. Ndikamba mfundo zisanu. Yoyamba, kudziwa chimene chadwala. Yachiwiri, zimene simuyenera kuchita. Yachitatu, katulutsidwe ka mafayilo. Yachinayi, chotsala ngati wina wafomata kale. Yachisanu, za amisiri ndi za kusunga. Koma zonse zisanu zakhala pa mawu amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: mafayilo kaye, makina pambuyo.

Tonse pano tidakulira pafupi ndi nkhokwe. Chiswe chikadya mitengo ya pansi, nkhokwe n'kuyamba kupendama, palibe munthu wanzeru amene amayamba ndi kufolera denga chimanga chili momwemo. Amayala mphasa, n'kutapa chimanga chonse, kenako ndiye amaona ngati nkhokweyo ingakonzeke kapena angoluka ina. Laputopu mukhoza kugula ina. Koma mndandanda wa ophunzira ndi malikisi awo, kaundula wa ubatizo, buku la ngongole za mamembala, kafukufuku amene mwalemba zaka ziwiri kuti mupeze digiri, zithunzi za makolo amene adatisiya, zimenezi palibe sitolo yogulitsa.

Mfundo yoyamba: dziwani chimene chadwala.

Anthu akabwera kwa ine amangoti, "Achimwene, kompyuta yafa." Mawu amenewa amabisa matenda atatu osiyana, ndipo kuti muwasiyanitse muyenera kudziwa zam'kati. Mukatembenuza laputopu yakale n'kumasula timasikuluwu ta pansi, mupeza kabokosi kachitsulo kophwatalala, kokwana pachikhatho, kolembedwa Seagate, Toshiba, Western Digital kapena HGST, ndi kukula kwake: 320 GB, 500 GB, mwina 1 TB. M'kabokosimo muli mbale imodzi kapena ziwiri zonyezimira ngati galasi, zozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndiko kuti maulendo 90 pa sekondi. Pamwamba pa mbaleyo pamayenda kamkono kokhala ndi kamutu kolemba ndi kuwerenga. Kamutuko sikakhudza mbale. Kamayandama pa mpweya, ndipo mpata wake ndi wochepa kwambiri moti tsitsi lanu limodzi ndi lonenepa kuposa mpatawo maulendo zikwi zingapo. Luso limeneli ndi lakale ndithu. Kampani ya IBM idatulutsa hard disk yoyamba m'chaka cha 1956, ya mbale 50 zikuluzikulu, yosunga zosapitirira 5 MB, zimene lero ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pa foni.

Tsopano taganizani momwe timakhalira nacho chinthu chosakhwima chotere kuno kwathu. Mphunzitsi watseka chivundikiro, mbale isanaleke kuzungulira waiponya kale laputopu m'chikwama, wakwera njinga yamoto ya kabaza, uko akugunda mabampu mpaka kukafika pa msewu wa M1. Wina amaonera filimu laputopu ili pa bulangete, mabowo otulukira mpweya wotentha atatsekeka. Ambiri batire lidafa kalekale, choncho magetsi akangothima laputopu imazima pomwepo ili m'kati molemba. Mukukumbukira momwe zidalili m'chaka cha 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130? Kuthima kulikonse kwa miyezi imene ija kunali nkhonya kwa makompyuta opanda batire. Onjezani kuti malaputopu athu ambiri ndi a kaunjika, adagwira kale ntchito zaka zambiri m'maofesi a kunja. Wogulitsa amapukuta kunja mpaka kuwala, koma hard disk ndi yomweyo yakaleyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Matenda oyamba ndi a mwayi: laputopu ndiyo yafa, hard disk ili bwinobwino. Mwina chaja yapsa, mwina sikirini yasweka, mwina bolodi ya m'kati yatenthedwa ndi magetsi obwera mwamphamvu. Apa mafayilo anu onse alipo, akungofuna kompyuta ina yowawerenga. Matenda achiwiri ndi a hard disk yofooka koma yopumabe. Kuyaka kumatenga nthawi yoti mungawiritse madzi a tiyi. Mukatsegula foda, kompyuta imauma. Fayilo imene dzulo imatseguka lero ikukana, kapena pokopera pakutuluka uthenga wonena za cyclic redundancy check. Lero sikirini yalemba kuti No bootable device, mawa yayakanso ngati palibe chachitika. Matenda achitatu ndi oopsa. Mukaika khutu pa kiyibodi mumva kuti tcha, tcha, tcha, mobwerezabwereza, kapena phokoso la chitsulo chikukhula chinzake. Pamenepo kamkono kaja kakulephera kupeza malo ake, kapena kamutu kagwera pa mbale. Imeneyo si ya inu, si ya ine. Zimitsani, tidzaikamba pa mfundo yachisanu.

Hard disk imadziyeza yokha n'kumasunga mbiri ya thanzi lake, njira yotchedwa S.M.A.R.T. Pali pulogalamu yaulere, CrystalDiskInfo, imene imawerenga mbiriyo n'kukuonetsani mtundu: wabuluu zikakhala bwino, wachikasu pakakhala chenjezo, wofiira zikaipa. Muyang'ane mizere iwiri, Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Woyambawo umawerenga timalo ta pa mbale timene tidawonongeka n'kulowedwa m'malo ndi tina, wachiwiriwo umawerenga timene tikukayikitsa pakali pano. Akatswiri a ku Google adasindikiza m'chaka cha 2007 zimene adapeza ataunika ma hard disk oposa 100,000 a m'makompyuta awo. Hard disk imene yangotaya kamalo koyamba inali pa chiopsezo chofa m'masiku 60 otsatira maulendo oposa 14 poyerekeza ndi inzake yabwino. Koma adapezanso kuti mwa ma hard disk 100 alionse amene adafa, 36 sadapereke chenjezo lililonse. Choncho mtundu wachikasu muukhulupirire msanga, wabuluu musaudalire kwambiri.

Mfundo yachiwiri: zimene simuyenera kuchita.

Hard disk yofooka yatsala ndi maola owerengeka, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti ndi angati. Mwina ndi ambiri, mwina ndi awiri okha. Nthawi iliyonse imene mwaiyatsa mukudya maola amenewo. Ndiye chimene ambirife timachita n'chiyani? Kuzimitsa n'kuyatsa, kuzimitsa n'kuyatsa, kuti kapena ulendo uno zitheka. Abale anga, maola otsalawo ndi okopera mafayilo basi. Mafayilo kaye, makina pambuyo.

Windows ikalemba kuti Automatic Repair, kapena ikati ikufuna kuunika disk, musaisiye ichite zimenezo usiku wonse. Pulogalamu ya chkdsk ntchito yake ndi kuwongola kaundula wa mafayilo kuti Windows iziyenda, osati kusamala zolemba zanu. Ikapeza fayilo yosokonekera ikhoza kuidula kapena kuichotsa m'kaundula, uku ikukakamiza kamutu kodwala kubwerezabwereza pamalo owonongeka. Chimodzimodzi pulogalamu yosaka mavayirasi: imawerenga fayilo iliyonse, ndi mafilimu omwe, n'kutha mphamvu imene mukadapulumutsira lipoti lanu.

Musaimenye. Ndikudziwa kuti wailesi za makolo athu zinkalira ukaziwomba mbama, koma muno muli mbale ikuzungulira maulendo 90 pa sekondi. Musaiike mufiriji ngakhale wina atakuuzani kuti zidamuthandiza; poitulutsa chinyezi chimaundana m'kati n'kumaliza ntchito imene matenda adaiyamba. Musamasule chivundikiro cha kabokosi kaja kuti muone chikulira n'chiyani. Kanjere ka fumbi kamene maso anu sangakaone ndi kakakulu kuposa mpata wa kamutu kaja, ndipo fumbi la kuno mwezi wa Okutobala mukulidziwa.

Choopsa kuposa zonse ndi mawu awa: "Ndi vayirasi, tingofomata tiike Windows ina." Mlembi wa pa sukulu ina m'boma lino la Ntcheu adandibweretsera laputopu imene idadutsa kale m'manja mwa mnyamata wina wokonza mafoni pa msika. Mnyamatayo sanali wakuba ayi, adachita zimene amadziwa. Adafomata, adaika Windows yatsopano, ndipo poona kuti kasitomala ndi waulemu, adamudzazira nyimbo ndi mafilimu monga basera. Mayiyo adabwerera kwawo akuyamikira. Atatsegula kuti asindikize malikisi a teremu, adapeza Desktop ili mbee, chithunzi chokongola chokha. Pasanathe mwezi laputopu idayambanso kuuma, chifukwa matenda sanali vayirasi. Tidapulumutsako zithunzi zina ndi makalata ochepa, koma pamalo pamene padali mafayilo a Excel padali patagona mafilimu a basera aja. Madzi akatayika sawoleka. Chimene china chalembedwa pamwamba pake sichibwereranso, ngakhale mutapita nacho kwa katswiri wotani.

Mfundo yachitatu: katulutsidwe ka mafayilo. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pagona ntchito.

Musanaiyatse n'komwe, khalani pansi ndi pepala ndi cholembera. Dzifunseni: zolemba zangazi zidayendako kuti? Lipoti lija mudalitumiza pa WhatsApp kwa mlangizi wa maphunziro, kapena pa imelo ku khonsolo. Mayeso aja mudakasindikiza pa boma, mwina akadali pa kompyuta ya osindikizawo. Zithunzi zidachokera mu foni, mwina zili mu memore khadi yakale m'kabati. Mnzanu adakubwerekani fulashi mwezi watha n'kukopera foda yonse. Kawirikawiri munthu amapeza gawo lalikulu la zimene amalira osakhudza laputopu n'komwe.

Zotsalazo zilembeni mwa ndondomeko, kuyambira chimene chingakulizeni misozi. Mafayilo a Word ndi Excel ndi aang'ono kwambiri. Zolemba za ofesi yonse za zaka zingapo zikhoza kukwana pa fulashi ya 8 GB. Amenewo atsogole. Zithunzi za banja zitsatire. Mafilimu ndi nyimbo mukazipezanso kwa anyamata obena nyimbo, zisiyeni. Ndaonapo anthu akusankha zonse nthawi imodzi, kompyuta n'kuyamba ndi foda ya mafilimu, hard disk n'kufera pakati zolemba zisanafikiridwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Zanu zambiri zili pa C, m'foda ya Users, pansi pa dzina lanu: Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures. Ndipo inu amene mumati, "Ine zanga ndimasunga pa D, n'zotetezeka," dziwani kuti pa malaputopu ambiri C ndi D ndi zigawo za hard disk imodzi yomweyo. Ikafa, zonse ziwiri zapita.

Njira yoyamba ndi ya matenda a mwayi aja. Chotsani chaja ndi batire, masulani hard disk, ikokeni pang'onopang'ono chakumbali kuti mano ake atuluke bwino. Pali kachingwe kamene mbali ina kamagwira mano a SATA a hard disk, mbali ina kamalowa pa USB. M'masitolo a zamakompyuta ku Lilongwe ndi ku Blantyre timapezeka, ndipo ndikadakonda zoni iliyonse ya sukulu ikadakhala nako kamodzi. Mukakalumikiza pa kompyuta ina, hard disk yanu imaoneka ngati fulashi yaikulu. Kompyutayo ikakufunsani ngati mukufuna kufomata kapena kukonza disk, yankho ndi ayi.

Njira yachiwiri ndi ya pamene Windows ikukana kuyaka koma simukufuna kumasula kanthu. Pa kompyuta ina yabwino, ikani pa fulashi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows. Mwa mitundu ya Linux, Ubuntu imachita, SystemRescue ndiyo yaing'ono ndipo idapangidwira ntchito yomweyi, ndipo pulogalamu ya Rufus ndiyo imakonza fulashiyo. Poyatsa laputopu yodwala dinani batani losankhira poyambira, F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, F9 pa HP, n'kusankha fulashi. Mukaona mawu awiri, Try Ubuntu ndi Install Ubuntu, sankhani loyambalo. Lachiwirilo ndi kufomata komwe kuja kovala malaya ena. Ubwino wa njirayi ndi wakuti Windows ikamayenda imalemba ndi kuwerenga pa hard disk kosalekeza, pamene Linux ya pa fulashi imaisiya ipume kufikira inu mutaipempha fayilo.

Njira yachitatu ndi ya hard disk imene ikuuma pokopera, ndipo ndiyo imene ndikufuna achinyamata odziwa kompyuta muno aiphunzire. Kukopera kwa masiku onse kukafika pamalo owonongeka kumakakamira pomwepo, kuyesa, kuyesanso, mpaka kuima. Pulogalamu yaulere ya GNU ddrescue, imene adalemba Antonio Diaz Diaz, imaganiza mosiyana. Siyang'ana mafayilo, imakopera hard disk yonse kamalo ndi kamalo kupita pa hard disk ina. Ikafika poipa imadumpha n'kuthamangira pabwino. Ikamaliza pabwino ponse ndiye imabwerera kudzatolera zotsala m'mphepete mwa malo oipa aja. Ndipo zonse zimene yachita imazilemba m'kafayilo kotchedwa mapu. Mapuwo ndi chuma kwa ife a kuno, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchito, akadzayaka mumapitiriza pamene mudalekezera. Mungowasunga pa fulashi ina, osati pa hard disk yodwalayo.

Pafunika hard disk yabwino yofanana kukula ndi yodwalayo kapena yoposa, yopanda kanthu kofunika, chifukwa zonse zili pamenepo zifufutika. Lamulo lake limaoneka chonchi: ddrescue -f -n /dev/sda /dev/sdb mapu.txt. Dzina loyamba ndi kochokera, lachiwiri ndi kopita. Tamverani bwino apa. Mukasinthanitsa maina awiriwa, mukopera disk yopanda kanthu pamwamba pa mafayilo anu, ndipo pulogalamuyo siidzakufunsani kawiri. Musanadine Enter lembani lamulo la lsblk, muone kukula kwa disk iliyonse, muitanenso mnzanu adzawerenge nanu. Maina amenewa amasintha pa kompyuta iliyonse, musangokopera a ine.

Ikayamba, pa sikirini yakuda pamaoneka timizere ta manambala. Pali wina wolembedwa pct rescued, umene umakwera pang'onopang'ono. Poyamba umathamanga, kenako umaima, hard disk n'kumveka ikuvutika, kenako wadumpha wapitirira. Hard disk yabwino ya 500 GB imatha m'maola awiri kapena kuchepera. Pa USB yakale ija yochedwa, maola asanu. Yodwala ikhoza kutenga usiku wonse, ngakhale masiku. Iikeni pa tebulo losagwedera, pamthunzi, podutsa mphepo, ana asaigwire. Gwiritsani ntchito kompyuta ya batire lamoyo, kapena pitani kwa mnzanu wa sola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito ikatha, hard disk yodwalayo muikulunge muisunge, ndipo kusaka konse kwa mafayilo kuchitikire pa yokoperayo. Mukalakwitsa pamenepo, yoyamba ikadalipo.

Chenjezo limodzi pa fulashi zimene mukukoperapo. Pamsika pali zachinyengo, zolembedwa 64 GB kapena 128 GB pamene m'kati muli malo ochepa kwambiri. Zimalandira mafayilo bwinobwino, maina onse akuoneka, koma potsegula mulibe kanthu. Pulogalamu ya H2testw imaziyesa. Ngati mulibe, mukamaliza kukopera chotsani fulashiyo, ikaikeni pa kompyuta ina, mutsegule mafayilo angapo a koyambirira ndi a kumapeto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fayilo imene simunaitsegule ndi maso anu pa malo atsopano musanene kuti mwaipulumutsa.

Mfundo yachinayi: ngati wina wafomata kale.

Musataye mtima msanga, koma lekani kuigwiritsa ntchito laputopuyo nthawi yomweyo. Kufomata kwachangu, kumene amisiri ambiri amachita, kumafufuta kaundula wa mafayilo, pamene mafayilo enieniwo amakhala akadagona pa mbale kufikira china chitalembedwa pamwamba pawo. Kufomata kwathunthu pa Windows za masiku ano ndiko kumalemba maziro paliponse, ndipo pamenepo palibe chotsala. Christophe Grenier wa ku France adalemba mapulogalamu awiri aulere. TestDisk imasaka zigawo za disk zimene zasowa n'kuyesa kubwezeretsa kaundula. PhotoRec siisamala za kaundula. Imayenda pa disk yonse kuzindikira zithunzi, zolemba za Word, PDF ndi zina poona momwe fayilo iliyonse imayambira. Imabweza zambiri, koma popanda maina ake ndi mafoda ake. Mudzapeza zikwi za mafayilo a maina a manambala okhaokha, ndipo kusankha kudzakutengerani masiku. Palinso Recuva, yosavuta kwa amene adazolowera Windows. Lamulo la onsewa ndi limodzi: pulogalamuyo musaiike pa disk imene mukusakapo, ndipo zimene mwapeza musazisunge pomwepo.

Malaputopu atsopano ambiri alibe mbale yozungulira, ali ndi SSD. SSD siopa mabampu, ndipo mukamagula yolowa m'malo mwa hard disk yakufa, ine ndingakulangizeni imeneyo. Koma ili ndi khalidwe lake. Siilira, siichenjeza kawirikawiri, imangozima. Ndiponso chimene mwafufuta pa SSD imachisesa yokha posakhalitsa, moti mapulogalamu ndatchulawa amabwerako chimanjamanja. Pa malaputopu ena otchipa chosungiracho adachiwotcherera pa bolodi, sichichotseka.

Enanso mudzakumana ndi BitLocker, loko wa Windows amene amabisa zonse za pa disk. Pa makompyuta ambiri atsopano amadzitsekera yekha mwini wake osadziwa. Mukachotsa disk yotere n'kuiika pena, ikufunsani nambala yotsegulira ya manambala 48. Nambalayo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene idagwiritsidwa ntchito pokhazikitsa kompyutayo. Ngati akauntiyo ndi ya mnyamata wa mu sitolo amene adakuikirani Windows, muli pa mavuto. Mukafika kunyumba lero, amene laputopu zanu zili bwino, fufuzani nambalayo muilembe m'buku.

Ndipo pali matenda ena amene si matenda a disk konse. Mwaika fulashi, mafoda onse asanduka timivi ta shortcut, mtima wagunda. Ameneyo ndi vayirasi wofala m'malo osindikizira. Mafayilo sadafufutike, adangobisidwa, ndipo munthu wodziwa amawaonetsanso m'mphindi zochepa. Musafomate.

Mfundo yachisanu: amisiri ndi kusunga.

Mukamapereka laputopu kwa mmisiri, mufunseni mafunso atatu musanaisiye. Kodi mukopera kaye mafayilo anga musanakonze? Mukopera pati? Hard disk yakaleyo mundibwezera? Akayamba kuzembazemba, nyamulani katundu wanu. Safunsa adadya phula. Ngati n'kotheka khalani pomwepo pamene akukopera, pakuti m'malaputopu mwanu muli maina a ana a eni, manambala a ziphaso za unzika, ngongole za anthu, nthawi zina ndi mbiri za odwala. M'chaka cha 2024 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi zotere, Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Amene mudatolera mainawo ndinu, ndipo udindo wowasamala sutha chifukwa choti kompyuta yafa. Hard disk yakufa isatayidwe kudzala, isasiyidwenso pa shelefu ya mmisiri.

Nanga ija yolira tcha, tcha? Imeneyo imafuna makampani okhala ndi chipinda chosefa mpweya kuti musalowe fumbi, kumene amasintha kamutu ndi ka hard disk ina yofanana nayo. Ku South Africa, m'mizinda ngati Johannesburg ndi Cape Town, makampani otere alipo, ndipo mtengo wake ukhoza kuposa wa laputopu yatsopano. Mudziyeze nokha ngati zili m'katimo n'zoyenera ndalama zimenezo. Ngati lero mulibe, isungeni pouma, osaiyatsanso. Ikakhala chete siiwonongeka msanga. Chimene chimaimaliza ndi kuiyesayesa.

Tsopano za kusunga. M'chaka cha 1919 moto udatentha nyumba ya Secretariat ku Zomba, zolemba za boma za zaka zoyambirira n'kupsera momwemo. N'chifukwa chake ofufuza mbiri ya zaka zimenezo, kuphatikizapo nthawi imene Inkosi Gomani Woyamba adaphedwa ndi atsamunda mu 1896, amadalira makalata amene adatumizidwa ku London, zolemba za amishoni, ndi zimene akuluakulu athu adasunga pamtima. Chidapulumuka ndi chimene chidali ndi chinzake kwina. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University nayonso idapsa. Ojambula zithunzi ali ndi lamulo limene Peter Krogh adalitchukitsa, lotchedwa 3-2-1: chinthu chofunika chikhale patatu, pa zosungira za mitundu iwiri, chimodzi chikhale kutali ndi nyumba. Kwa ife zikutanthauza laputopu, fulashi kapena hard disk ya m'kabati, ndi intaneti. Akaunti ya Google imapereka 15 GB mwaulere, ndipo kutumiza zolemba za Word sikudya bandulo yambiri. Kumene netiweki ikuvuta, fulashi yachiwiri ikagone kwa mnzanu kapena ku ofesi ya mpingo. Ya m'chikwama cha laputopu siwerengedwa, chifukwa wakuba amanyamula chikwama chonse.

Chomaliza, zosungazo muziziyesa. Kampani ya Pixar, pamene inkapanga filimu ya Toy Story 2 m'chaka cha 1998, wina adalemba lamulo lolakwika, gawo lalikulu la filimuyo n'kufufutika. Atathamangira ku zosunga zawo adapeza kuti zidali zitasiya kugwira bwino ntchito popanda woona. Idawapulumutsa ndi kompyuta ya mmodzi wa akuluakulu a ntchitoyo, Galyn Susman, amene ankagwirira kunyumba chifukwa adali ndi khanda. Ngati zidawachitikira iwo, ife a pa Ntcheu tisankhe tsiku lodziwika loyesera zosunga zathu. Aphunzitsi, likhale Lachisanu lililonse ndi tsiku lotsekera teremu. Asungichuma, likhale tsiku la msonkhano wa gulu, mamembala awiri akuona: mukopere, muchotse fulashi, muiike pa kompyuta ina, mutsegule buku la ngongole, muwerenge mzere womaliza mokweza.